Kalasi Imene Inagawana Boma

Chaka chimene chifuwa chinandibweza kunyumba, mng'ono wanga anali mu Sitandade Sikisi. Ine ndinali nditayamba kale sekondale kutali ndi kwathu, koma nditadwala asisitere anati ndikapume kumudzi, ndidzabwerere chaka cha sukulu chikadzayambanso. Anati mphepo ya kwathu idzandichiritsa. Kuzizira kwa kumtunda kwa Dedza sanakudziwe. Zinali zaka zoyamba za Chitaganya, m'nthawi ya atsamunda, ndipo ndinafika nyengo imene nkhungu imagona m'phiri mpaka dzuwa litakwera.

Mng'ono wangayo ndi mwana wa bambo aang'ono. Mayi ake anamwalira iye akukwawa, choncho anakulira m'nyumba mwathu, mphasa imodzi ndi ine. Sukulu anayamba mochedwa chifukwa cholera ana a azakhali, ndipo pofika Sitandade Sikisi zaka zake zinali pa malire. Lamulo silinkalola wamkulu ngati iye kubwereza kalasi. Akakhoza mayeso a boma, akanapita kukaphunzira unamwino, umene ankaulakalaka chiyambire tsiku limene namwino wa ku mishoni anamumanga chilonda cha pamwendo. Akalephera, bambo anga anali atanena kale, mosakalipa konse: "Dimba la kachewere lija silifunsa setifiketi."

Masamu ankawatha. Chingerezi chake chinali chotsimphina. Kuti malikisi akwane, anayenera kuchita bwino pa Siviki, phunziro la za boma ndi za nzika, limene mayeso ake ankalembedwanso m'Chingerezi.

Sukulu ya kwathu inali itangopatsidwa kumene Sitandade Sikisi. M'masiku anga tinkakamalizira ku mishoni. Kalasi yatsopanoyo anaipereka kwa aphunzitsi amene anandiphunzitsa ine kuwerenga, bambo aatali, a jekete la zigamba m'zigongono. Tsiku lina anatsamiritsa njinga yawo pa nkhokwe yathu.

"Ndamva kuti a sekondale atipeza," anatero. "Mubwere mudzaone zimene tikuchita ife a kumudzi. Mwina mungatiwongolereko lilime."

Ndinapita m'mawa mwake, nditafunda bulangete la amayi. M'kalasi munali mozizira ngati mu mtsuko, choncho ana anaima panja mu mzere umodzi, motsamira khoma limene linali ndi kadzuwa. Aphunzitsi anawomba m'manja kamodzi.

Anayamba mnyamata wamkulu wa kalasiyo, wa ndevu zongomera kumene. Ananena m'Chingerezi chomveka bwino kuti Bwanamkubwa ndani, amamutuma ndani, amakhala kuti. Mawu ake omaliza asanagwe pansi, wachiwiri anawawola nanena za nyumba ya malamulo ya ku Zomba. Wachitatu za bwana Disi. Kenako makhoti, mafumu, apolisi, msonkho. Nkhaniyo inatsetsereka ndi mzerewo mpaka kwa atsikana: zitsime, katemera, zimbudzi. Pamenepo ndinamva mawu a mng'ono wanga, osanjenjemera, akufotokoza za positi ofesi, za masitampa ndi matelegalamu. Kamtsikana kakang'ono kanatseka ndi za kulambula misewu. Buku lonse, kuyambira chikuto mpaka chikuto, popanda wopunthwa.

Ndinawomba m'manja mpaka chifuwa chinandiyambanso. Madzulo ake ndinalemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku kuti ana a kwathu adzakhoza onse, ndipo anthu a ku boma adzafunsa kuti sukulu imeneyi ili kuti.

Patapita masiku, aphunzitsi anapita ku maliro nandisiyira kalasi. Ndinafuna kuchita monga ankachitira asisitere, kufunsa modumphadumpha. Ndinaloza mng'ono wanga.

"Iwe, amatsogolera nyumba ya malamulo ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kwa mnyamata wachiwiri uja. Mng'ono wanga anayang'ana pansi.

"Achemwali, limenelo si langa."

"Si lako bwanji?"

"Ndi la a Zomba."

Kalasi yonse inaseka, osati momuseka iye, koma kuseka ine wosadziwa. Ndipo ndinazindikira kuti mayina amene ndinkamva akuitanana pa bwalo sanali a masewera chabe. Wa ndevu uja anali a Bwanamkubwa. Panali a Zomba, a Disi, a Khoti, a Msonkho. Mng'ono wanga anali a Positi. Mtsikana woima pafupi naye, wa pakamwa pakuthwa, ankamutcha a Chimbudzi, ndipo ankayankha dzinalo mosachita manyazi. Aliyense anali ndi chigawo chake cha buku, ndipo ankachisunga ngati mbuzi yake.

Aphunzitsi atabwerako ndinawafikira ali okha, ndinagwada pafupi ndi tebulo lawo, ndi kufunsa mwaulemu umene ndikanatha.

"Buku ndi limodzi, mwanangu," anatero akuliika patsogolo panga. Linali lofufuma ndi chinyontho, masamba ena osokedwa ndi ulusi. "Makope ndi ochepa, choko ndimachita kupempha. Ndiye ndinachita monga timachitira tikapha ng'ombe. Palibe amadya ng'ombe yekha. Akulu chidale, ena mwendo, ana matumbo, koma mudzi wonse wadya."

Anagawadi motero. Zikuluzikulu za boma anapatsa anyamata akuluakulu, zing'onozing'ono atsikana ndi ana. Sanachite mwa nkhanza. Kwa iwo kupatsa kamtsikana nkhani ya Bwanamkubwa, wa ndevu n'kumupatsa zitsime, kukanakhala kusokoneza ulemu.

"Oyendera sukulu atabwera anatiyamika," anapitiriza. "Mutu umodzi susenza denga."

"Aphunzitsi, koma m'mayeso aliyense amakasenza lake."

"Ndikudziwa zimenezo. Sindine mwana." Anandiyang'ana mokoma mtima. "Nyimbo za m'tchalitchi anakuphunzitsa ndani? Unangozimva Lamulungu lililonse mpaka zinalowa. Awanso akumva tsiku ndi tsiku. Zalowa. Ayese."

Tinawayesa tsiku lomwelo. Ndinati asinthane zigawo.

"Ine ndinene za zimbudzi?" anatero a Bwanamkubwa, manja m'thumba. "Pamaso pa atsikanawa?"

"Nanga inu simupitako?" anayankha a Chimbudzi. "Kapena a Bwanamkubwa ali ndi mesenjala wowapitira?"

Anaseka mpaka aphunzitsi anagogoda tebulo. Ndinauza mng'ono wanga kuti anene chigawo choyamba. Anaimirira, nayang'ana wa ndevu uja, mawondo ake n'kupindika pang'ono ngati afuna kugwada.

"Achemwali, eni ake ali pomwepo. Ndiwalande mawu m'kamwa?"

"Palibe mwini wake. Ndi buku."

Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka sindinachimve ngakhale ine amene ndinali pafupi.

Ndinaganiza kuti vuto ndi manyazi okha, ndipo manyazi ali ndi mankhwala: kumuchotsa pamaso pa anyamata. Madzulo aliwonse tinkatsikira ku dimba kukathirira kachewere. Iye ankatunga, ine wodwala ndinkakhala pa mwala ndi buku limene aphunzitsi ankandibwereka. Tsiku loyamba ndinamuyambira mawu oyamba a chigawo cha Bwanamkubwa. Anawawola. Ananena chonse, nalowa m'cha a Zomba, nadutsa a Disi, a Khoti, mpaka ku misewu, chitini cha madzi chili pamutu. Ankatsanzira ngakhale mawu a eni ake, kunenepetsa pa wa ndevu, kuchita chibwibwi pamene a Msonkho ankachita chibwibwi.

Ndinadumpha pa mwala paja. Aphunzitsi ananena zoona, zinalowadi.

Koma mayeso sayimba nyimbo kuyambira pachiyambi. Mawa lake ndinamufunsa monga pepala limafunsira.

"Khoti la mfumu limaweruza milandu yotani?"

Anaima. Milomo yake inayamba kugwedera. Ndinaona kuti wabwerera kwa Bwanamkubwa, ndipo akutsika mzere wonse chamumtima kuti akafike ku khoti. Madzi anatha kudontha m'chitini iye asanafike. Pofika pakati anasokonezeka nayambiranso.

"Ndiyambireni, achemwali. Mawu amodzi okha."

"Kumeneko sindidzakhalako."

"Ndiye mungonena omaliza a a Disi. Akatha iwo, zimabwera zokha."

Ndinamupatsa sileti kuti alembe. Zinafika poipa. Pakamwa pankathamanga, dzanja n'kutsala, ndipo akaima kuti dzanja lifike, ulusi unkaduka. Ndinaganiza zomufotokozera tanthauzo m'chilankhulo chathu, kuti akhale ndi pogwira pena posakhala nyimbo. Ndinamuuza kuti ku Zomba kuli nyumba imene akuluakulu amakhala pansi n'kupangana malamulo. Anamvetsera bwino.

"Amene amakhalamowo anafikako kuno?"

"Sindikudziwa."

"Nanga amadziwa bwanji zotilamula?"

Buku silinayankhe funso limenelo. Bambo, amene ankasema mpini chapafupi, analowererapo. "Boma ine ndimalidziwa. Limabwera ndi chingwe kudzayeza mizere ya m'munda mwanga. Ukalembe zimenezo."

"Bambo, musamusokoneze."

"Ndasiya, aphunzitsi aakazi."

Za positi zokha ndiye ankazimvetsa mpaka pansi, chifukwa anali ataperekezapo azakhali ku boma kukatumiza kalata ku Halale, naona ndi maso ake chidindo chikugwa pa sitampa. Zinazo zinali mawu okoma a chilendo, omangidwa wina kumchira kwa mnzake.

Ku sukulu, aphunzitsi anavomera kuti tiyese njira ina. Tinkawabalalitsa anawo pa bwalo, aliyense pansi pa mtengo wake kapena pa mwala wake, ndi sileti, n'kulemba funso limodzi pa bolodi. Bwalo lonse linkangoti zii. Ukayang'ana, uyu akusuzumira uyo, uyo akusuzumira mwini funso, ndipo mwini funso yekha ndiye wawerama akulemba. Ena anayamba kugwira pang'ono. A Chimbudzi anaphunzira za apolisi, ati chifukwa ankafuna kudziwa omanga anthu amamangidwa ndi ndani. Mng'ono wanga anafika poyamba yekha chigawo cha msonkho masiku ena, masiku ena ayi. Tikanakhala ndi chaka, kapena theka lake, ndikhulupirira kuti zikanatheka. Tinali ndi masabata owerengeka, ndipo ena mwa iwo anadyedwa ndi kukolola.

Aphunzitsi anasiya kukwera njinga yawo. Ankangoikankha, buku lili pa kaliyala. Tsiku lina tikuweruka anayenda nane mpaka pa mphambano.

"Ndinawamanga ngati mtolo wa nkhuni," anatero osandiyang'ana. "Ukasolola imodzi, mtolo wonse umamasuka."

"Nthawi ikadalipo, aphunzitsi."

"Iwe uli ndi mtima wabwino."

M'kabuku kanga ndinalemba kuti munthu amene wasenza buku lonse m'mutu sangabwerere chimanjamanja, ndipo Mulungu sangalole. Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Mayeso ankalembera ku Bembeke. Tsiku la Siviki ndinawaperekeza, nditakulunga kachewere wootcha m'kansalu kuti mng'ono wanga azifunditsa manja. Tinanyamuka nkhungu ili tolo, udzu wa m'mbali mwa njira utanyowa. Titatsika chitunda choyamba a Bwanamkubwa anayambitsa, ndipo buku linayenda mu mzere wa ana monga mwa masiku onse, mapazi akuponda motsatira mawu. Amayi ena opita kumsika ndi madengu a kabichi anapatuka natiyang'ana mpaka titapitirira. Aphunzitsi sanawaletse anawo. Anali kumbuyo kwenikweni, akukankha njinga.

Ndinasuzumira pa zenera asanatithamangitse. Madesiki anali motalikirana, ana a sukulu zosiyanasiyana atasakanizidwa. Mng'ono wanga anamukhazika pafupi ndi khomo, pakati pa anyamata achilendo. Woyang'anira mayeso anali bambo amene sitinkawadziwa. Ananena kuti wotsegula pakamwa atuluka.

Ine ndi aphunzitsi tinakhala pansi pa mitengo ya paini. Iwo ankachita kolona, ine ndinkatsokomola.

Belu litalira ana anatuluka mwakachetechete. Mng'ono wanga anabwera molunjika kwa ine, chala chili ndi inki, nakhala pansi.

"Zayenda bwanji?"

"Funso loyamba linali la a Khoti. Ndinalizindikira. Ndinawayang'ana, ndinapeza nawonso akuyang'ana a Disi." Anapukuta chala chija pa udzu. "Ndimati ndiyambe chamumtima, koma munali phee, achemwali. Mumangomveka zolembera za ana a sukulu zina. Ndimadikira kuti wina ayambe."

"Sunalembe kanthu?"

"Ndinalemba za msonkho pang'ono. Kenako zinaduka."

"Za positi panalibe?"

"Panali kafunso kamodzi, kumapeto. Ndinalemba zonse, ndi za matelegalamu zomwe, ngakhale sanafunse. Pepala linadzaza." Anayesa kumwetulira. "Mwina aona kuti ndimadziwa."

"Aona," ndinatero.

Chapatali a Chimbudzi ankafunsa wa ndevu uja ngati boma lake lamuthandiza. Iye anali atakhala pa muzu, chipewa chili pa nkhope. Pobwerera palibe anayambitsa kanthu. Kachewere uja tinadya m'njira, atazizira.

Miyezi yodikira ndinaidzaza ndi kuwerengera zabwino. Ndinkati masamu amunyamula. Ndinkati mwina oyesa mayeso amachitira chifundo sukulu zatsopano. Chifuwa changa chinapola, dzuwa linayamba kutentha, mapichesi a kuseri kwa nyumba anachita maluwa. Mng'ono wanga sankanena za unamwino, koma ndinamuona tsiku lina akuchapa kansalu koyera kamene ankasunga m'thumba la zovala, nakayanika pobisika.

Zotsatira anabwera nazo aphunzitsi okha, wapansi. Anavula chipewa ali patali. Bambo anawapatsa mpando, amayi anakhala pa khonde, ife awiri tinagwada chapambali. Anakhoza anyamata awiri, amene akulu awo anaphunzira ku mishoni ndipo anawasiyira makope akale. Ena onse ayi.

"Mwanayu nzeru ali nazo," anatero aphunzitsi. "Cholakwa si chake."

"Tamva, aphunzitsi," anayankha bambo. "Munayesetsa. Mumwe madzi."

Ndinawakakamiza aphunzitsi kuti tipite limodzi kwa bambo mfumu wa ku mishoni, woyang'anira sukulu, tikapemphe kuti abwereze. Anatilandira bwino, natimvera mpaka kumapeto. Anati lamulo la zaka si lawo, ndipo akalemba dzina la mwana wopitirira zaka, sukulu yonse ingalowe m'mavuto. Anandifunsa za chifuwa changa. Pobwerera ndinauza mng'ono wanga kuti sanakane kwenikweni, anangoti n'zovuta. Iye anandiyang'ana, napitiriza kusenda nyemba.

Mvula isanagwe, amayi anaphika thobwa naitana dima kuti atithandize kuunga mizere m'munda wa kumtunda. Achinyamata a m'midzi yozungulira anabwera ndi makasu, ndipo ambiri anali a kalasi ija. Anaima mu mzere m'munsi mwa munda. Sindikudziwa ngati anachita dala, koma anaima monga ankaimira ku khoma la sukulu, wa ndevu kumapeto uku, atsikana uko. Ine ndinkazungulira ndi chipanda cha thobwa.

Dzuwa litakwera, wa ndevu uja anaimika khasu, natukula chifuwa, nayamba chigawo chake ndi mawu aakulu a chipongwe. A Zomba anawola akuseka. Makasu anayamba kugwa pamodzi, motsatira Chingerezicho. Akuluakulu amene ankalima chakumtunda anaima kuti amvere, ndipo mayi wina analuluta. Inadutsa makhoti, apolisi, msonkho ndi chibwibwi chake, zitsime, katemera. A Chimbudzi ananena chawo mokweza kuposa onse, natembenukira kwa mng'ono wanga pa mawu omaliza.

Khasu lake linagwa, linadzuka, linagwanso. Sanatsegule pakamwa.

"A Positi, nenanitu," kanatero kamtsikana ka misewu kaja. "Ndikudikira ine."

"Ndaiwala."

"Bodza! Inu?"

"Ndati ndaiwala. Lima, ukutsalira."

Kamtsikanako kanayesa kuyamba kokha, kanabwereza mawu awiri, kanaleka. Panalibenso woseka. Makasu anapitiriza, lililonse pa nthawi yake.

Tsiku lobwerera ku sukulu, mng'ono wanga anandisenzera sutikesi mpaka ku msewu waukulu kumene ndinkakadikira basi. Njira yonse ndinkalankhula ine. Ndinati ndikafunsa asisitere ngati kuchipatala kwawo safuna mtsikana wothandiza m'mawodi, wopanda setifiketi. Ndinati ndamva kuti ena amayamba motero. Ndinati ndikangomva kanthu ndidzalemba kalata msangamsanga.

Anatula sutikesi m'mbali mwa msewu, nakonza nkhata yake.

"Mukamalemba, adiresi muike pakati," anatero. "Sitampa pamwamba, ku dzanja lamanja. Mukaika kumbuyo amavutika podinda."

Basi sanaidikire. Anati kachewere wa mmera sanathiriridwe chiyambire dzulo, ndipo dzuwa likukwera.